Kuyesa mbiya ya mmisiri musanaigule: tiphunzire pa mitsuko ya Ladi Kwali

Mbiya ziwiri zikhoza kukhala pa tebulo limodzi, zofanana msinkhu ndi maonekedwe, ina n'kugulidwa motchipa pamene inzake anthu a ndalama zawo akulimbirana pa okushoni ku London. Kunyezimira si kumene kumazisiyanitsa. Zimasiyana pa manja amene anaziumba, pa moto umene zinapsa nawo, ndi pa umboni woti zimene wogulitsa akukuuzani n'zoona. Zitatu zonsezi munthu atha kuphunzira kuziyesa yekha. Malangizo awa ndalembera amene akufuna kuyamba kusonkhanitsa mbiya zoumba pamanja, ndipo ndasankha kuti tiphunzirire pa ntchito ya mmisiri mmodzi, Mayi Ladi Kwali a ku Nigeria, chifukwa m'mitsuko yawo mumakumana njira ziwiri: kaumbidwe ka kumudzi kamene ambiri tinakaona kwa agogo athu, ndi kawotchedwe ka m'ng'anjo ya moto waukulu.

Choyamba: dziwani moyo wa mmisiri musanafunse mtengo

Mayi Ladi Kwali anabadwa cha m'ma 1925 m'mudzi wa Kwali, pakati pa anthu a mtundu wa Gwari, amenenso amatchedwa Gbagyi. Kumeneko kuumba inali ntchito ya amayi, ndipo iwo anaiphunzira kwa azakhali awo ali mtsikana. Ankaumba mitsuko ya madzi, miphika ndi mbale popanda gudumu lozungulira loumbirapo, n'kumaziwotcha panja ndi nkhuni ndi udzu. Luso lawo linamveka mpaka kwa mfumu yaikulu ya Abuja, Suleiman Barau, amene anasunga ina mwa mitsukoyo kunyumba kwake. Mngelezi woumba mbiya Michael Cardew, yemwe boma la atsamunda linamutuma mu 1950 kukaona za dongo ndi zoumba m'dzikomo, anaiona kumeneko. Cardew anatsegula malo ophunzitsira zoumba otchedwa Pottery Training Centre m'tauni ya Abuja kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1954 Mayi Kwali analowa pamalopo ngati mayi woyamba pakati pa amuna okhaokha. Abuja amene tikunenayu si likulu la lero. Ndi tauni imene pano imatchedwa Suleja, imene dzina lake lakale linaperekedwa ku mzinda watsopano wa likulu.

Kuchokera apo ntchito yawo inaonetsedwa ku Berkeley Galleries, malo oonetsera zaluso ku London, mu 1958, 1959 ndi 1962. Anaumba pamaso pa anthu ku Britain, ndipo mu 1972 anayenda ndi Cardew m'madera a ku America akuonetsa luso lomweli. Yunivesite ya Ahmadu Bello ku Zaria inawapatsa digiri yaulemu mu 1977. Anamwalira ku Minna mu 1984, ndipo lero nkhope yawo ili kuseri kwa ndalama ya 20 naira.

Zaka zimenezi muzisunge pamtima chifukwa ndizo chida chanu choyamba. Ntchito yawo ili m'magulu atatu. Pali zoumba za kumudzi za 1954 isanafike, zopanda glaze (chokutira chonyezimira ngati galasi chimene chimasungunukira pa mbiya m'ng'anjo), zimene zinalibe chidindo ndipo n'zovuta kwambiri kutsimikiza mwini wake. Pali mitsuko ikuluikulu youmba pamanja koma yowotchedwa m'ng'anjo ya pa Abuja, imene ndi imene anthu amaifuna kwambiri. Ndiye pali mbale, makapu ndi miphika ya zivundikiro zimene anaumba pa gudumu ataphunzira njirayo. Wina akakuonetsani mtsuko wonyezimira n'kunena kuti Mayi Kwali anauumba mu 1945, mwadziwa kale kuti nkhaniyo yapotoka, pakuti nthawi imeneyo anali asanakhudzepo glaze.

Chachiwiri: onani zenizeni, zambiri

Diso siliphunzira pa chithunzi cha pa foni chokha. Amene muli ku Britain pitani ku Victoria and Albert Museum kapena ku British Museum ku London, kapena ku yunivesite ya Aberystwyth ku Wales, kumene amasunga zoumba za pa Abuja. Muyambe mwafunsa ngati zili poonekera, chifukwa zambiri zimakhala mosungira. Amene muli kumudzi kuno, masamba a pa intaneti a malo amenewa ali ndi zithunzi ndi miyeso. Pofuna kuti manja anu azolowere kulemera ndi kusalala kwa dongo la moto waukulu, kagwireni ziwiya za ku Dedza Pottery, kenako mukagwire mtsuko wa pamsika wa kwanu tsiku lomwelo kapena lotsatira. Manja akasiyanitsa ziwirizo sadzaiwalanso.

Chachitatu: nyamulani, tembenuzani, pisani dzanja mkati

Pemphani chilolezo, vulani mphete ndi wotchi, yalani nsalu yokhuthala pa tebulo. Nyamulani ndi manja awiri, lina pansi lina m'mbali. Musagwire pa mlomo kapena pa chogwirira, pakuti ngati panamatidwapo kale, ndi pomwepo pamene padzathyokere.

Kunja kwa mbiya mmisiri amakusalaza kuti anthu aone. Mkati amasiyamo mapazi a ntchito yake, n'chifukwa chake muyenera kuunika ndi tochi ndi kuyendetsamo nsonga za zala kuchokera pansi kukwera ku khosi.

Mbiya ya pa gudumu imakhala ndi mizere yozungulira yotsatana bwino, yokwera mopota kuchokera pakati pa tako lake. Pansi pake nthawi zambiri pamaoneka pamene waya unadutsa poichotsa pa gudumu, kapena pamene anapala ndi kachitsulo kuti apange phazi. Mbiya ya m'chikombole cha fakitale imakhala yopepuka modabwitsa, makulidwe a khoma lake ndi amodzimodzi paliponse, ndipo mukayang'anitsitsa m'mbali mumapeza kamzere kowongoka kotsika pamene zigawo za chikombole zinakumana, ngakhale atayesa kukafufuta.

Mtsuko wa Mayi Kwali si wa gulu lililonse mwa awiriwa. Mwa kaumbidwe ka Agwari, mbiya imakhala chilili ndipo woumba ndiye amene amaizungulira, akukoka dongo kuchokera pa chibuma kukweza m'mwamba, kuwonjezera mikombero ya dongo, kupala ndi kusalaza ndi chigoba kapena kamtengo. Choncho mkati mwa mtsuko wotere zala zanu zimamva timapiri ndi tizigwa tosalondolozana, ndi mikwasa yopendekeka ya chopalira. Mimba yake ndi yobulungira mokoma, koma mukauzungulitsa pang'onopang'ono pamaso panu muona kuti mbali ina yatuluka pang'ono kuposa inzake. Musatenge zimenezi ngati chilema. Mtsuko waukulu wotchedwa wa Ladi Kwali umene mkati mwake muli mizere ya gudumu yotsatana kuyambira pansi mpaka pa khosi uyenera kukukayikitsani.

Chachinayi: gogodani mumve moto

Amayi athu pamsika sagula mtsuko asanaugogode, ndipo amalondola. Ikani mbiya pa chikhatho kapena pa nsalu osaifinya, muigogode ndi mfundo ya chala pa mimba. Yopsa ndi moto waukulu imalira kuti ngwee, mawu n'kumapitirira. Ya moto wa panja imayankha mwachidule, motsika. Ya mng'alu, kaya ndi ya mtundu uti, imalira mosasa n'kuduka msanga.

Chifukwa chake chili m'dongo. Moto wa panja wa nkhuni ndi udzu umafika pakati pa madigiri a Celsius 600 ndi 900. Dongo limauma n'kulimba koma limatsala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Pa mapepala a ogulitsa mbiya yotere amailemba kuti earthenware. Ng'anjo ngati ya pa Abuja, imene ankasonkhezera ndi nkhuni, imapitirira madigiri 1,200, ndipo pa kutentha koteroko mbali ina ya dongo imasungunuka n'kutseka timabowo tija. Imeneyo ndiyo stoneware: yolimba, yolemera, yosamwa madzi. Ngati mwini walola, donthezani kadontho ka madzi pamalo opanda glaze pansi pa mbiya. Pa earthenware kamalowa msanga n'kusiya banga lakuda. Pa stoneware kamangokhala pomwepo.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa nkhani imeneyi imandikhudza. Mtsuko wa kumudzi umaziziritsa madzi chifukwa cha timabowo tomwe tija: madzi amatuluka thukuta kunja, mphepo n'kuwaumitsa, ndipo kuumako kumachotsa kutentha mkati. Mitsuko ya Mayi Kwali itayamba kuumbidwa ndi dongo la moto waukulu n'kukutidwa ndi glaze, inasiya kuziziritsa madzi, ndipo inalemera moti palibe amene akanaisenza kupita nayo ku chitsime. Inasanduka ya kuyang'ana. Kumbali ina, ndi moto womwewo umene wachititsa kuti mitsukoyo ikhalepo mpaka lero, pamene ya kumudzi yambiri inasweka kalekale ndipo mayina a eni ake sanalembedwe paliponse. Ine sindiona kuti umodzi mwa mitundu iwiriyi ndi wapamwamba kuposa unzake, ndipo wosonkhanitsa amene amanyoza mbiya yakuda ndi utsi chifukwa choti sinyezimira akuphonya chiyambi cha luso limene akuligula modula.

Chachisanu: yang'anitsitsani zojambula

Pa mitsuko yawo Mayi Kwali ankagawa mimba m'zigawo ndi mizere yotsika ndi yopingasa, ndipo m'zigawomo ankajambula zamoyo: abuluzi, abilimankhwe, ng'ona, zinkhanira, njoka, nsomba, mbalame. Ankatema ndi kampeni dongo lisanaumitsitse, ndipo mikombero ya timadontho ankaipanga pogubuduza kachingwe kopota kapena kamtengo kosema pa dongo lofewa. Pa Abuja m'mizere yotemayo ankathiramo dongo loyera la madzimadzi, n'kupala lotsala pamwamba, kenako n'kukuta ndi glaze yoonekera mkati, kotero kuti zojambulazo zimaoneka zoyera pa thupi lodera kapena lobiriwira.

Tengani galasi lokulitsa. Mzere wa mmisiri wozolowera umayamba ndi kutha kamodzi, wakuya pakati, wopyapyala kumapeto, ndipo thupi la nyama limadzazidwa ndi timizere tothithikana tachangu. Wokopera amajambula mwamantha: mzere wake umaima, n'kuyambiranso, n'kubwerezedwa. Onaninso ngati chojambulacho chikugwirizana ndi thupi la mtsuko. Buluzi wa mmisiri amatambasuka pamene mimba yatambasuka n'kuchepa pamene phewa likulowa ku khosi. Wa wokopera amaoneka ngati anachokera kwina n'kungoikidwapo. Pa gawo limeneli musafulumire, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachisanu ndi chimodzi: chidindo chibwere pambuyo

Ambiri amathamangira kutembenuza mbiya kufuna dzina, ndiye ndaika dala gawo ili mochedwa. Zoumba za pamalo aja zimakhala ndi chidindo cha dzina la Abuja m'zilembo za Chiarabu, ndipo pambali pake pamakhala zilembo za woumba: LK kwa Ladi Kwali, MC kwa Michael Cardew. Muzifune cha m'munsi, pafupi ndi phazi. Chidindo chenicheni chinadindidwa kapena kutemedwa dongo lili lofewa, choncho m'mbali mwa zilembo dongo limatukuka pang'ono ndipo glaze ikhoza kulowamo. Zilembo zokandidwa mbiya itapsa kale zimakhala ndi m'mphepete mokukutika, ndipo mkati mwake mumaoneka mtundu wosiyana ndi wa pamwamba.

Chidindo chikatsutsana ndi zimene manja ndi maso anu apeza, khulupirirani mbiya. Dziwaninso kuti Mayi Kwali sanali okha. Amayi ena anawatsatira pamalopo, monga Halima Audu, Asibi Ido, Kande Ushafa ndi Lami Toto, ndipo nawonso ankaumba mitsuko ya mtundu womwewo. Mtsuko wa chidindo cha Abuja wokhala ndi abuluzi si wa Ladi Kwali chifukwa cha abuluziwo. Kwa amene mukuyamba kumene, ntchito ya amayi amenewa ndi poyambira pabwino: ndi yokongola payokha, ndipo dzina lawo silinakweze mtengo ngati la mnzawo wa pa ndalama uja.

Chachisanu ndi chiwiri: funani zilonda ndi zigamba

Timing'alu tating'onoting'ono tolukana pa glaze pokha si vuto lalikulu. Timabwera chifukwa glaze ndi dongo zimakhwinyata mosiyana pozizira. Mng'alu wodutsa khoma lonse ndiwo umatsitsa mtengo. Yendetsani chikhadabo pamwamba pake. Wobadwa nawo m'ng'anjo moto ukali waukulu umakhala ndi m'mphepete mosalala chifukwa glaze inasungunukiramo. Wobwera pambuyo, mbiya itagundidwa, umakhala wakuthwa ndipo chikhadabo chimakodwa.

Zigamba za akatswiri okonza zimabisala bwino. Zifuneni pa mlomo, pa chogwirira ndi pa phazi. Malo okonzedwa amamveka ofunda ndi ofewa pang'ono kuyerekeza ndi glaze yeniyeni imene imazizira ngati galasi, ndipo kunyezimira kwake kumasiyana mukapendeketsa mbiya pa dzuwa. Katochi ka UV, kofanana ndi kamene amayesera ndalama zachinyengo, kamathandiza m'chipinda chamdima: guluu ndi penti zambiri zimawala mosiyana ndi pozungulira. Mbiya yokonzedwa mutha kuigula ndithu, malinga wogulitsa wanena poyera ndipo mtengo watsika moyenera.

Chachisanu ndi chitatu: mbiri ya eni ake, kenako mtengo

Funsani kuti mbiyayi yachokera kwa yani, ndipo iwowo anaipeza kuti. Zambiri za pa Abuja zinapita ku Britain m'katundu wa aphunzitsi, madokotala ndi ogwira ntchito za boma amene anakhala ku Nigeria m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, kapena zinagulidwa pa zionetsero za ku London zija. Lisiti yakale, kalata, kapepala ka malo oonetsera komatidwa pansi, kapena chithunzi cha banja chimene mtsukowo ukuonekamo, zonsezi ndi umboni. Kapepala kotere musakamatule ngakhale kada.

Pa okushoni werengani mawu mosamala. Akalemba dzina la mmisiri palokha, akutsimikiza kuti ndi ntchito yake. Akalemba kuti attributed to, akungoganizira. Akalemba kuti in the style of, akukuuzani poyera kuti si yake. Pemphani lipoti lolemba la mmene mbiya ilili, ndi zithunzi za mkati, za pansi ndi za chidindo. Onani mitengo imene zofanana nazo zinagulidwira m'mbuyomu pa masamba a makampani ngati Bonhams, Sotheby's ndi Maak. Pamwamba pa mtengo umene nyundo yagundira amawonjezerapo gawo la kampani, limene nthawi zambiri limafika pafupifupi limodzi mwa magawo anayi a mtengowo, ndipo pamwamba pake pamabweranso msonkho, ndalama yotumizira ndi ya kasitomu. Werengerani zonsezi, lembani malire anu pa pepala, ndipo musawadumphe mpikisano ukatentha. Ngati mukugulira ku Nigeria komweko, funsani kaye ku National Commission for Museums and Monuments, bungwe la boma loyang'anira zinthu zakale, za chilolezo chotulutsira mbiyayo m'dzikomo.

Ngati thumba silikulola zonsezi, njira yonseyi imagwiranso ntchito pa amisiri amoyo a kwathu. Pitani kumene amaumbira, gulani kwa iwo eni, ndipo musanenerere mpaka kuwafinya, pakuti mtsuko umodzi wadya masiku a kukumba ku mtapo, kusinja, kuponda, kuumba, kuyanika pa mthunzi ndi kutola nkhuni, ndipo ina imaswekera pamoto. Funsani dzina lawo, mudzi, kumene atapa dongo ndi amene anawaphunzitsa. Pemphani kuwajambula ali ndi mbiyayo. Chimene chinasowa pa ntchito ya Mayi Kwali ya 1954 isanafike ndi munthu wolemba zinthu zomwezi.

Chachisanu ndi chinayi: kunyamula ndi kusunga

Pa ulendo, chivundikiro chikulungidwe pachokha. Dzazani mkati ndi mapepala ofewa osakanikiza, kulungani kunja ndi nsalu, ikani m'katoni, ndipo katoniyo ilowe m'katoni ina yokulirapo yokhala ndi zofewa zosachepera masentimita 5 mbali zonse. Selotepi isakhudze mbiya. Mukagwedeza katoni pasamveke chosuntha.

Kunyumba sankhani shelefu yolimba, kutali ndi chitseko, makatani ndi njira ya ana. Mtsuko wa tako lobulungira uikeni pa nkhata ya nsalu. Earthenware isakhale pa simenti yonyowa, chifukwa imamwa chinyezi pamodzi ndi mchere wa pansi, ndipo mcherewo ukamauma umatukula khungu la mbiya n'kumaliyoyola. Mukaona ufa woyera ukutuluka, isunthireni pouma. Fumbi lichotseni ndi burashi yofewa. Stoneware yopanda mng'alu ndi chigamba mutha kuitsuka ndi madzi ofunda pang'ono ndi kasopo kochepa m'beseni loyalamo thaulo. Ya moto wa panja, yokonzedwa, kapena ya kapepala kakale musaiviike m'madzi. Jik ndi mankhwala ena oyeretsa asayandikire, pakuti amalowa m'timing'alu n'kumawononga kuchokera mkati patapita nthawi. Mbiya ya glaze yowala imene simukudziwa chiyambi chake musaikemo zakudya zowawasa, chifukwa glaze zina zakale za moto wochepa zinali ndi mtovu.

Tsiku lomwe mwafika nayo, tsegulani tsamba m'kope: dzina la mmisiri, malo, chaka, kutalika ndi kutambasuka m'masentimita, kulemera, zilonda zonse zimene mwapeza, amene wakugulitsani ndi mtengo. Phatikizanipo lisiti ndi zithunzi za mbali zonse. Nambala ya tsambalo ilembeni ndi pensulo pa kapepala n'kukaponya mkati mwa mbiya, osati kulemba pa thupi lake.

Ikadzagwa n'kusweka, musathamangire super glue, chifukwa imagwira mapale asanakhale m'malo mwake ndipo imavuta kuchotsa. Musayesenso kulumikiza mapalewo kuti muone ngati akukwana, pakuti m'mphepete mwake mumaperepeseka nthawi iliyonse akakhudzana. Tolani onse mpaka tizidutswa ta ufa, kulungani lililonse palokha m'pepala lofewa, jambulani, ndipo funsani ku nyumba yosungiramo zinthu zakale yapafupi nanu kuti akulozereni munthu wodziwa kukonza zoumba.